Ulendo wa maola 9 ndi ana aang'ono awiri: tinyamuke usiku kapena m'mawa?

Mayi wa Awiri:
Makolo anzanga, ndabwera kudzapempha nzeru, pakuti safunsa anadya phula. Pa tchuthi chikubwerachi ine ndi bambo a kunyumba tikufuna kupita ndi ana kukapuma masiku 5 kumalo ena a m'mphepete mwa madzi, ndipo ulendo wake ndi wa maola pafupifupi 9 pa galimoto. Wamkulu ali ndi zaka 4, wamng'ono ali ndi chaka ndi miyezi 6 ndipo akuyamwabe. Chibadwire chawo sitinayendepo nawo ulendo wopitirira maola awiri, ndipo ngakhale pa maulendo aafupiwo wamkuluyu amasanza tikangolowa mumsewu wokhotakhota. Bambo awo akuti tinyamuke cha m'ma 9 koloko usiku kuti ana agone njira yonse, tikafike kukucha. Ine mtima sukukhazikika ndi maganizo amenewa, koma akandifunsa chifukwa ndikusowa choyankha kupatula kunena kuti ndikuopa. Inu amene munayendapo ndi ana a msinkhu umenewu, munachita bwanji?

Bambo wa Mapasa:
Mayi, mantha anuwo ndi omveka, ndipo ndikuuzani zimene zinandionekera ine. Mapasa athu ali ndi zaka zitatu, tinachita ndendende zimene bambo a kwanuwo akuganiza. Ndinaweruka kuntchito madzulo, tinalongedza katundu, kenako tinanyamuka ana atayamba kale kusinza. Kumbali ya ana zinayenda bwino kwambiri, moti sitinamve kulira ngakhale kamodzi. Koma cha m'ma 3 koloko usiku, mayi awo atagona, wailesi ikulira chapansipansi, ndinadzidzimuka ndi phokoso la miyala ikumenya kunsi kwa galimoto, ndipo pamene ndimazindikira n'kuti matayala a mbali imodzi atachoka kale mumsewu. Ndinaima pambali manja akunjenjemera, ndipo nkhaniyi ndinawabisira mayi awo mpaka titabwerera kunyumba.

Palinso china chimene sitinachiganizire. Tinafika 6 koloko m'mawa ana atagona mokwanira, akufuna kuthamanga ndi kusewera, pomwe ife makolo tinali titatheratu. Tsiku loyamba lonse linatha tikusinthana, wina kugona wina kuyang'anira ana, ndipo tonse awiri tinkangopsa mtima ndi tinthu topanda pake. Maola amene tinkati tapindula usiku tinawabweza onse masana.

Dalaivala wa Maulendo Ataliatali:
Ndikugwirizana ndi bambo a mapasa, ndipo ndionjezere zimene ife a ntchito ya pamsewu timaphunzitsidwa. Thupi la munthu lili ndi nthawi yake imene limafuna tulo, mwini wake afune asafune, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira cha m'ma 2 koloko usiku mpaka mbandakucha. Akatswiri a za tulo anapeza kuti munthu amene wakhala ali maso maola 17 amayendetsa ngati wamwako mowa. Werengani nokha, mayi: ngati bambo adzuka 6 koloko m'mawa kupita kuntchito, maola 17 akwana 11 koloko usiku, ulendo wanu utangoyamba kumene. Khofi, kutsegula zenera ndi kukweza wailesi zimangomunamiza munthu kwa kanthawi. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, kotero kuti maso akatsekeka masekondi 4 okha, banja lonse layenda mamita opitirira 100 popanda woyendetsa.

Ndikanakhala ine, ndikanalongedza zonse dzulo lake, woyendetsa n'kugona msanga, kenako n'kunyamuka cha m'ma 5 koloko kunja kukuyamba kuyera. Ana muwanyamule ali m'zovala zogonera momwemo, ndipo kawirikawiri amapitiriza tulo kwa maola awiri kapena atatu, amene ndi maola okoma kwambiri pa ulendo wonse. Kuchokera apo muziima pakatha maola awiri alionse, osati kungothira mafuta n'kupitirira, koma kuwatsitsa ana kuti athamange. Muvomereretu kuti ulendo wa maola 9 ndi ana otere umatenga maola 12. Ngati m'thumba mukulola, ugaweni pawiri, mugone panjira.

Mayi wa Awiri:
Zikomo kwambiri abambo nonse awiri, ndawaonetsa bambo a ana mawu anuwa ndipo akhala kaye chete. Chimene chikuwavuta tsopano ndi maola 12 aja. Akufunsa kuti, pofuna kuchepetsa kuimaima, sizingatheke kodi kuti wamng'onoyu akalira ndimutulutse mu mpando wake n'kumuyamwitsa galimoto ikuyenda, popeza ndidzakhala naye kumbuyo?

Namwino wa Ana:
Mayi, apa pokha ndikukupemphani kuti musanyengerere. Galimoto ikuyenda mwana asachoke mu mpando wake, ngakhale kwa mphindi imodzi. Galimoto ikagunda chinthu ikuthamanga makilomita 50 okha pa ola, mphamvu yake imafanana ndi kugwa kuchokera pamwamba potalika mamita 10, ndipo palibe mayi, kaya akhale wamphamvu bwanji, amene manja ake angagwire mwana pa nthawi yoteroyo. Kumanga lamba mmodzi mayi ndi mwana pamodzi n'koipa kuposa apo, chifukwa thupi la mayi limapanikiza mwanayo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mipando ya ana imachepetsa imfa za makanda pa ngozi ndi pafupifupi 70 pa 100 iliyonse.

Wa chaka ndi theka ndi bwino akhale mu mpando woyang'ana kumbuyo ngati akukwanamo, chifukwa mutu wa mwana ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake ndipo khosi n'losakhwima, ndiye mpando woyang'ana kumbuyo umalandira mutu, khosi ndi msana nthawi imodzi. Mpando wotere usaikidwe kutsogolo pamene pali thumba la mpweya lija limafufuma pa ngozi. Malamba akhale othina ndithu, ndipo majekete okhuthala muwavule, pakuti amasiya mpata pakati pa lamba ndi thupi. Mwana akalira ndi njala, imani pamalo abwino, muyamwitse, mumubwezere, ulendo upitirire. Mphindi 15 zimenezo musazione ngati zotayika.

Agogo a Zidzukulu Zisanu:
Ana anga, ndawerenga zonse ndipo za mpandozo sindikutsutsa, ngakhale kuti anga onse ndinayenda nawo ali pamiyendo. Kupulumuka kwathu kunali mwayi chabe, ndipo ndikudziwa ena amene mwayi umenewo sanaupeze. Koma funso langa ndi lina. Kodi ulendo umenewu ndi wa ndani? Wa chaka ndi theka sadzakumbukira kanthu, ndipo wa zaka 4 angasangalale mofanana ndi beseni la madzi kuseri kwa nyumba. Mukamuvutitsa mwana tsiku lonse atamangidwa pa mpando, akagona malo achilendo, akadya zosazolowera, pobwera akudwala, ndiye mudzati munapita kukapuma? Bwanji osadikira kuti akuleko?

Mphunzitsi wa Sukulu ya Mkaka:
Agogo, funso lanu ndi lolemera ndipo pa za kukumbukira mukunena zoona. Anthu ambiri akuluakulu zinthu zoyambirira zimene amakumbukira ndi za pamene anali ndi zaka zitatu kapena zinayi, ndipo za m'mbuyo mwa apo zimafufutika. Komabe ndikusiyana nanu pang'ono. Mwana sadzakumbukiranso nyimbo zimene mayi ake ankamuimbira pomugoneka, koma palibe amene amati kumuimbira n'kutaya nthawi. Masiku 5 amene bambo ndi mayi onse ali pafupi, osathamangira kuntchito, mwana amawamva m'thupi ngakhale sadzatha kuwafotokoza. Ndipo makolo nawonso ndi anthu, amafuna kuona kwina.

Pamene ndikugwirizana nanu kwathunthu ndi pa kuvutitsa mwana. Ine ndimaona ana akamabwera kuchokera ku tchuthi, ndipo amene amabwera atafooka ndi amene makolo awo anafuna kuona chilichonse. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika kugona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo wa zaka zitatu mpaka zisanu amafunika maola 10 mpaka 13. Zimenezi sizisintha chifukwa chakuti banja lalipira malo ogona okongola. Mwana amene wadumpha tulo ta masana sagona msanga madzulo monga momwe akuluakulu timaganizira, koma amalusa, amadzigwetsa pansi, amakana ngakhale chinthu chimene amachikonda, ndipo makolo amachita manyazi pagulu n'kuyamba kumukalipira. Ndiye konzani chochita chachikulu chimodzi chokha pa tsiku, chikhale cha m'mawa, masana aliyense abwerere kukagona. Madzulo tsatani ndondomeko ya kunyumba, kusamba, kankhani kamodzi, kugona. Mutengenso kansalu kapena chidole chimene amagona nacho, ndipo musachichape usiku wonyamukira, chifukwa fungo lakelo ndi limene limamuuza mwana kuti malo achilendowa ndi otetezeka.

Mayi wa Mnyamata Mmodzi:
Pepani kuti ndikulowa pakati. Mnzanga wina anandiuza kuti iye pa ulendo wautali amawapatsa ana ake mankhwala a chimfine aja oodzeretsa, ndipo amagona njira yonse osasanza. Sindinayesepo, koma ndimafuna kumva kwa anamwino ngati zili zoyenera, popeza zingathetse mavuto onse awiri a mayi amene afunsawa.

Namwino wa Ana:
Mwachita bwino kufunsa poyera, mayi, chifukwa ambiri amachita mwakachetechete. Musamupatse mwana mankhwala ndi cholinga chongomugoneka. Mankhwala ngati promethazine saloledwa kwa mwana wosakwana zaka ziwiri chifukwa angathe kufooketsa kapumidwe kake, ndipo mwana wogona ndi mankhwala mu mpando wa galimoto, mutu utagwera pachifuwa, palibe amene angasiyanitse tulo take ndi vuto. Komanso ana ena mankhwala amenewa amawachita zosemphana, m'malo mogona amabalalika ndi kulira osatonthozeka. Ngati wa zaka 4 uja amasanza kwambiri, kaonaneni ndi dokotala ulendo usanafike, akakuuzeni mankhwala oyenera msinkhu wake ndi mlingo wake.

Kusanza kwa m'galimoto kumayamba motere. M'kati mwa khutu muli tiziwalo timene timamva kugwedezeka ndi kupendekeka kwa thupi. Mwana akaweramira foni kapena buku, maso amauza ubongo kuti thupi lili phee, pomwe khutu likunena kuti thupi likutembenuka uku ndi uku, ndipo kusagwirizana kumeneku ndi kumene kumabweretsa nseru. N'chifukwa chake msewu wokhotakhota umamuvuta mwana wanu, ndipo n'chifukwa chakenso woyendetsa sasanza, pakuti iye amaona khona lisanafike. Vutoli limakonda ana a zaka ziwiri mpaka 12, ndipo makanda siliwagwira kawirikawiri. Choncho foni imene makolo ambiri amaidalira kuti ikhazike mwana chete ndi imene ingamudwalitse. Mukhazikeni pamene angathe kuona kutsogolo, muzimusonyeza zinthu zakutali, m'galimoto muzilowa mpweya, adye pang'onopang'ono zopanda mafuta ambiri, ndipo nthano ndi nyimbo azimvera ndi makutu. Mukaona wayamba kuyasamula pafupipafupi, nkhope yatuwa, thukuta likutuluka, wasiya kulankhula, imani nthawi yomweyo osadikira kuti anene. Maswiti olimba ndi mtedza musawapatse galimoto ikuyenda, chifukwa mwana akatsamwa ali womangidwa kumbuyo simungamuthandize msanga.

Bambo wa Mapasa:
Pa za kusanzazi ndili ndi kaphunziro kamene ndinakalipira ndi malaya anga. Pa ulendo wina tinalongedza bwinobwino zovala zonse za ana mu sutikesi yaikulu, imene ndinaiika pansi penipeni ku buti, katundu yense pamwamba pake. Mmodzi atasanza, mnzake anaona n'kutsatira, ndipo ndinapezeka ndikutsitsa katundu yense m'mbali mwa msewu, mvula ikuwaza, kufunafuna kabudula mmodzi. Kuyambira tsiku limenelo timakhala ndi chikwama chaching'ono kumapazi a mayi awo, muli zovala zosinthira ziwiriziwiri, matewera, kansalu konyowa, madzi, timapepala ta pulasitiki toikamo zoipa, ndi malaya amodzi a wamkulu aliyense, pakuti mwana akamasanza sasankha pogwetsera. Zidole musazipereke zonse nthawi imodzi. Tulutsani chimodzi, chikatopetsa mubise, mutulutse china.

Mayi Woyenda Pandege:
Ngakhale funso ndi la galimoto, ena akuwerenga adzayenda pandege, ndiye ndinene mwachidule. Ana amalira kwambiri ndege ikamatsika, chifukwa mpweya ukamasintha, kanjira kolumikiza khutu ndi kukhosi kamafunika kutseguka, ndipo mwa ana kanjira kameneka n'kakang'ono. Kumeza kumakatsegula, choncho sungani kuyamwitsa kapena botolo la madzi kuti mupereke ndege ikayamba kutsika, ndipo ngati mwana wagona mudzutseni. Makampani ambiri a ndege amalola mwana wosakwana zaka ziwiri kukhala pamiyendo, ndipo mkaka wa mwana kawirikawiri umaloledwa kupitirira mlingo wa mamililita 100 umene amaika pa zamadzimadzi. Mukamatuluka m'dziko, mwana amafunika pasipoti yakeyake ngakhale ali wakhanda, ndipo mayiko ena amafuna chiphaso cha kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya kholo limene latsala. Kumene amafuna katemera wa yellow fever, dziwani kuti amaperekedwa kuyambira miyezi 9 ndipo chiphaso chake chimayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10, kotero si zokonza mawa lake mukunyamuka.

Namwino wa Ana:
Ndibwerere kwa mayi amene anayambitsa nkhaniyi, chifukwa tonse tatanganidwa ndi msewu, koma munati mukupita kumadzi, ndipo ine pamenepo ndi pamene mtima wanga uli. Ana a chaka chimodzi mpaka zinayi ndi amene amamira kwambiri kuposa a msinkhu wina uliwonse, ndipo anu onse awiri ali m'gulu limeneli. Anthu amaganiza kuti mwana womira amakuwa ndi kuphiriphitha, koma zoona zake n'zakuti amalowa pansi mwakachetechete, ndipo madzi ofika m'mawondo a mwanayo ndi okwanira. Ngozi zambiri zimachitika akuluakulu ali pomwepo ambirimbiri, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Ndiye muzichita kutchulana kuti tsopano ana ali m'manja mwa uje, ndipo amene watchulidwayo asagwire foni, akhale pafupi moti atatambasula dzanja angamugwire mwana. Akafuna kuchoka anene ndi pakamwa, mnzake avomere. Timatumba topopa ta m'mikono tija ndi zoseweretsa, si zopulumutsira moyo. Mukafika kuchipinda, musanamasule katundu, yendani muone ngati chitseko chotulukira kumadzi mwana angachitsegule yekha.

M'chikwama cha mankhwala muikemo choyezera kutentha kwa thupi, paracetamol wa ana woperekedwa molingana ndi kulemera kwa mwana, mapaketi a ORS ndi zinc. Aspirin si wa ana. Kutsegula m'mimba ndi matenda a paulendo, ndipo choopsa chake ndi kutha kwa madzi m'thupi. Sungunulani ORS m'madzi abwino monga momwe paketi yanenera, mupitirize kuyamwitsa, ndipo zinc aperekedwe masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutasiya. Mwana akalowa maso, akasiya kukodza, akamalira popanda misozi kapena akalefuka moti akukana kumwa, thamangirani kuchipatala, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kufunsiratu tsiku lofika kuti chipatala chapafupi chili kuti. Ngati kumaloko kuli malungo, ana agone mu neti usiku uliwonse, ndipo wina akatentha thupi, kaya komweko kaya patapita milungu mutabwerako, akayezedwe magazi ndipo adokotala muwauze kumene munapita.

Chomaliza, poima panjira musamusiye mwana m'galimoto poganiza kuti wagona ndipo mungolowa n'kutuluka. M'galimoto yotseka yoima padzuwa kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha, kutsegula zenera pang'ono sikuthandiza kwenikweni, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu.

Agogo a Zidzukulu Zisanu:
Aphunzitsi, za nyimbo zogonekera mwana zija mwandigonjetsa. Pitani ana anga, koma mayi, muwauze bambowo kuti walira mvula walira matope. Akafuna tchuthi ndi ana, kulira kwa panjira ndi thewera la pakati pa usiku ndi zawonso, si za mayi okha.

Mayi wa Awiri:
Ndikuthokoza nonse. Tagwirizana kuti tinyamuka m'mawa ndipo tigona panjira popita ndi pobwera, ngakhale kuti zimenezi zikutanthauza kuti kumadziko tikakhala masiku atatu okha m'malo mwa 5. Bambo awo anadandaula pang'ono ndi masiku awiriwo, koma nkhani ya miyala yomenya kunsi kwa galimoto anaiwerenga kawiri. Ndidzakuuzani mmene tayendera.

Mayi wa Awiri:
Makolo anzanga, tabwerako dzana ndipo tonse tili bwino. Tinanyamuka 5 koloko monga munanenera, ana anagona mpaka cha m'ma 8, ndipo maola atatu amenewo ine ndi bambo awo tinacheza momasuka kuposa mmene tachezera chaka chino chonse. Wamkulu anasanza kamodzi kokha, ndipo kulakwa kunali kwanga, chifukwa atatopa ndinamupatsa foni ndikuti mphindi zisanu sizingavute. Chikwama cha kumapazi chinagwira ntchito yake, malaya osinthira a bambo nawonso anagwira ntchito. Tsiku lachiwiri tinaphwanya langizo la aphunzitsi, tinakhala kumadzi mpaka madzulo osagoneka wamng'ono, ndipo usiku umenewo analira mpaka ndinatuluka naye panja nditamubereka, ndikuyendayenda kuti alendo a chipinda choyandikana apeze tulo. Tsiku lachitatu tinamvera, ndipo linali tsiku lokoma kuposa onse. Za kutchulana woyang'anira ana poyamba zinkamveka ngati masewera, koma pofika tsiku lomaliza wamkuluyu ndi amene ankafunsa kuti, "Panopa akundiyang'ana ndani?"

Agogo, ndinakumbukira funso lanu, ndiye titafika kunyumba ndinamufunsa mwana kuti pa ulendo wonse chinamusangalatsa kwambiri n'chiyani. Sanatchule madzi, sanatchule bwato limene tinakwera. Anati ndi pamalo paja tinaima kachiwiri popita, pamene bambo ake anakhala naye pansi n'kumatola timiyala toyera. Timiyalato ndi 7, tili m'kathumba ka kuchitseko cha galimoto, ndipo watiletsa tonse kutichotsamo.